A Hutala Pampando Wakumbuyo

Dzina loti Hutala anawapatsa ndi anzawo a kudepoti, ndipo sanawanamizire. Munthuyu anayendetsa basi kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi zitati mbuu, ndipo pa zaka zonsezo dzanja lawo silinkatalikirana ndi pakati pa chiwongolero. Wanjinga akayenda mokhotakhota, pii! Mbuzi ikangoganiza zowoloka msewu, pii! Ngakhale popereka moni kwa dalaivala mnzawo, pakamwa pankapuma, hutala ndiyo inkagwira ntchito.

Atapuma pa ntchito, basi anaisiya kudepoti koma udalaivala anabwera nawo kunyumba. Mavuto anayambira pamenepo. Akazi awo, amene anthu onse amumsewu mwawo ankawatchula kuti a Telala, anali ndi makina osokera pakhonde, ndipo nyumba inkayenda bwinobwino zaka zonsezo popanda woiwongolera. Tsopano panapezeka bwana. Ketulo ikhale apa, osati apo. Makinawa akulira ngati akufuna oyilo. Makasitomala asamaime pakhomo, alowe kapena atuluke. Tsiku lina anafika pouza akazi awo kuti akuponda makina mothamanga kwambiri pokhota pa kolala. A Telala anavula magalasi, n'kuwayang'ana amuna awo nthawi yaitali, n'kuvalanso magalasiwo. Kuyang'ana kumeneko n'kumene kunawaopsa a Hutala.

Kenaka mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kumzinda wakutali, anaimba foni. Anali woyembekezera, ndipo ankafuna kuti mayi ake apite akakhale naye. Osati kukaona khanda n'kubwerako ayi, koma kukakhala ndithu. Chipinda chinalipo, pakhonde panalinso malo okwanira makina osokera. A Hutala anamva zonse, chifukwa foni ya akazi awo inkalankhula mokweza ngati wailesi. Anatchera khutu kuti amve mawu oti "nanga bambo ako ndiwasiya ndi ndani," koma mawuwo sanabwere.

"Ndidzakuyankha tikakaona nyama zija," anatero a Telala.

Ulendo wokaona nyamawo anaukonza ndi namwino yemweyo, ngati mphatso ya bambo ake yopumira pa ntchito: kukagona kumalo osungirako nyama zakutchire, n'kumazungulira pagalimoto limodzi ndi alendo ena. Choncho a Hutala ananyamuka akudziwa kuti chigamulo chawo akachimvera konko. N'zoona kuti tiyi sankatha kuphika popanda kupsereza ketulo, koma si njala imene inkawadya mtima. Ankaopa khonde lopanda phokoso la makina aja. Iwo ankawakonda kwambiri akazi awo, kungoti chikondi chawo chinkatuluka pakamwa chitasanduka malangizo.

M'mawa woyamba, kukadali kachisanu, alendo anasonkhana pabwalo la malo ogonawo. Galimoto inali yopanda mawindo, denga lake la tenti, mipando yake yokwererana ngati masitepe, wakumbuyo ndiwo unali pamwamba penipeni. Panali dokotala wa mano, bambo wamfupi wa chipewa chachikulu, atanyamula kamera yaitali ngati paipi ya madzi. Iyeyu anauza aliyense, ngakhale amene sanamufunse, kuti wakhala akubwera kutchire chaka ndi chaka kudzafuna chithunzi cha nyalugwe, koma nyalugwe amamuzemba. Panalinso mnyamata ndi mtsikana ongokwatirana kumene, atafunda bulangeti limodzi ngakhale mabulangeti analipo ambirimbiri.

Pafupi ndi tayala lakutsogolo panaima mtsikana woonda, wamsinkhu wa mwana wawo uja, akupukuta galasi. A Hutala anazungulira galimoto, n'kumenya tayala lililonse ndi nsapato, kenaka n'kumufunsa mtsikanayo.

"Mwana wanga, dalaivala sanafike?"

"Ndine ndemwe, bambo. Ndine ndikuyendetseni, ndinenso ndikuonetseni nyama."

"Oho," anatero a Hutala. "Oho" ameneyu a Telala ankamudziwa bwino, ndipo anayang'ana kumbali.

Woyendetsayo anapereka malamulo ake mwachidule. Osaimirira. Osatulutsa manja kunja. Osakuwa. Anafotokoza kuti nyama zimaiona galimoto ngati chinthu chimodzi chachikulu chosavuta, koma pakamveka phokoso zimazindikira kuti mkati muli anthu, n'kuthawa. Anatinso popeza galimotoyi ndi ya onse, mipando azisinthana ulendo uliwonse kuti aliyense alaweko kutsogolo ndi kumbuyo.

Asanamalize n'komwe, a Hutala anali atakhala kale pampando woyandikana ndi chiwongolero, akusisita bondo. Bondo limenelo linali lisanawawawepo chibadwire, koma m'mawa umenewo linadwala mwadzidzidzi. Ongokwatirana aja anatenga mzere wawo, dokotala ndi zikwama zake anadzaza mzere wina, ndipo a Telala anakwera okha mpaka kumbuyo, atagwira siketi ndi dzanja limodzi.

"Mwakhala bwino kumeneko, mayi?" anafunsa a Hutala osatembenuka kwenikweni.

"Ndakhala."

Tchire linawalandira bwino. Dzuwa litangotuluka anakumana ndi nswala zambirimbiri, kenaka mbidzi zonenepa zitatsamirana makosi, kenaka njati zitaima m'matope zikuyang'ana galimoto mwaukali ngati yazidzutsa kutulo. Kunali mbalame zamitundu yosadziwika, fungo la udzu wonyowa, ndi kamphepo kokoma. Anthu onse m'galimoto ankangoti "ee, taonani," mwa manong'onong'o.

A Hutala anaona msewu. Anaona dzenje, n'kuliloza. Anaona muzu wodutsa pakati pa njira, n'kuulozanso. Anaona kuti mtsikanayo amachedwa kuchotsa phazi pa kilachi.

"Apa giya yachiwiri, mwana wanga."

"Zikomo, bambo."

"Pakona paja mukanayamba kukhota msanga."

"Zikomo, bambo."

Phazi lawo lamanja linkaponda mabuleki amene panalibe, mpaka mphira wapansi unapindika. Pamene ena ankapinda makosi kuyang'ana kadyamsonga akudya masamba a pamwamba pa mtengo, iwo anali atawerama kumvetsera kaphokoso kena kochokera kunsi kwa injini. Ali chiweramire choncho anamva kuseka kuchokera kumbuyo. Anali akazi awo, akumuuza mkwatibwi uja kuti mizere ya mbidzi ndi yovuta kulumikiza pamsoko, ndipo amene anasoka nyama imeneyi sanali wophunzira ntchito. Mtsikanayo anaseka, a Telala anasekanso. Kuseka kumeneko a Hutala anali atakuiwala. Kunyumba kunali kusanamveke chipumireni iwo pa ntchito, ndipo zinawapweteka kuti akazi awo anakusungira alendo.

Dzuwa litakwera pang'ono, wailesi ya m'galimoto inakhosomola, ndipo munthu wina analankhula mawu ochepa. Woyendetsa uja anasintha nkhope. Anakhotera m'kanjira kakang'ono kolowa m'mitengo ikuluikulu, n'kuyenda pang'onopang'ono, kenaka n'kuzimitsa injini. Kunangoti zii.

"Nyalugwe," ananong'ona. "Panthambi yopingasa ya mtengo waukulu uwo. Wagona."

Dokotala wa mano anatulutsa mawu ngati munthu amene wamezera madzi molakwika. Anakweza kamera. Ongokwatirana aja anagwirana mwamphamvu.

"Ali pati?" ananong'ona a Telala kumbuyo kuja. "Ine ndikungoona mchira. Masamba anditchinga."

"Dikirani, mayi, ndiisuntha pang'ono osaliza injini," anatero woyendetsa, n'kumasula mabuleki kuti galimoto itsetsereke yokha.

Nthawi yomweyo galimoto ina ya alendo inatulukira chakumanzere. Nayonso inali itamva uthenga wa pawailesi. Inabwera mwakachetechete, n'kulowetsa mphuno yake kutsogolo kwawo, pamalo penipeni pamene iwo ankafuna kuima. A Hutala nyalugwe anali asanamuone n'komwe, chifukwa maso awo anali pamsewu monga mwa nthawi zonse. Chimene anaona ndi chimene anachiona kambirimbiri pasiteji: munthu wopanda mwambo akulanda malo a mnzake. Mutu sunafunsidwe maganizo. Dzanja linanyamuka lokha, n'kudutsa pamaso pa mtsikana uja, n'kutera pakati pa chiwongolero.

Piiiiii!

"Iwe! Laisensi unaitola kuti?"

Mbalame zinauluka m'mitengo yonse. Kunthambi kuja kunangoti psiti, masamba n'kugwedera, basi. Nyalugwe anali atapita.

 Alendo a m'galimoto inayo anatembenuka onse pamodzi n'kuwayang'ana a Hutala. Dalaivala wawo anatambasula manja, kukamwa kuli yasa. A Hutala anayang'ana dzanja lawo lomwe ngati ndi la munthu wina, n'kulibweza pang'onopang'ono, n'kulibisa pakati pa mawondo. Akanakonda nthaka itang'ambika kuti alowe.

Dokotala wa mano anayang'ana chithunzi chimene kamera yake inagwira. Inali nthambi yokongola kwambiri, yooneka bwino khungwa lililonse, yopanda kanthu pamwamba pake.

"Ndazula mano a anthu ambiri," anatero motsitsa, "koma lero ndi pamene ndamva mmene zimawawira."

Woyendetsa sanakalipe. Anangoti, "Bambo, kuno hutala sitiliza," n'kuliza injini. A Hutala anaba diso pagalasi loonera kumbuyo. Akazi awo anali atakokera bulangeti mpaka pamphuno, akuyang'ana kutchire.

Atabwerera kumalo ogona, a Hutala anachita zimene munthu wamkulu amayenera kuchita. Anavula chipewa, n'kupepesa kwa dokotala, kwa ongokwatirana aja, ndi kwa woyendetsa. Dokotala anangogwedeza mutu, akupukuta kamera yake ngati akutonthoza mwana. Chakudya chamasana chinali chabwino koma anachisiya m'mbale. Atalowa m'chipinda anapeza akazi awo atakhala pabedi, akusoka kabowo ka pa neti ya udzudzu. Singano ndi ulusi sankazisiya kulikonse kumene apita.

"Dalaivala uja anatidula mwachipongwe, mayi," anayamba a Hutala. "Nanunso munaona."

"Ndinaona."

"Pamsewu weniweni apolisi akanamugwira ameneuja."

"Sunali msewu wanu, bambo." A Telala anadula ulusi ndi mano. "Galimoto sinali yanu, chiwongolero sichinali chanu. Inu munabwera kudzaona nyama ndi ine. Ndiuzeni nyama imodzi imene mwaona lero."

A Hutala anafufuza m'mutu. Anapezamo maenje, mizu, ndi kilachi.

"Ine ndinangoona mchira," anapitiriza a Telala, osakweza mawu. "Ndimati ndikamuuze mwana kuti ine ndi bambo ako tinaona nyalugwe. Tsopano ndikamuuza kuti ndinaona mchira ndili ndekha, bambo ako akuyendetsa." Anabaya singano pakolala ya bulauzi yawo. "Kodi foni kuno akuti imagwira pati?"

"Akuti pachulu cha kuseri kwa khitchini," anayankha a Hutala.

A Telala anagwedeza mutu. Foni sanaitenge, koma anaiika patebulo pamalo oonekera, ndipo a Hutala anakhala masana onse akuiyang'ana ngati njoka.

Madzulo, dzuwa litapepa, alendo anasonkhananso pagalimoto. Woyendetsa anakumbutsa za kusinthana mipando, kenaka anawayang'ana a Hutala.

"Nanga bondo lija, bambo?"

"Lachira," anatero iwo, n'kukwera masitepe onse mpaka kumbuyo ngati mnyamata. Dokotala anakhala kutsogolo. A Telala anasuntha pang'ono kuti amuna awo apeze malo.

Kumbuyo kunali dziko lina. Msewu sunkaoneka n'komwe, ankangoona mitu ya ongokwatirana aja itagundana, ndi chipewa cha dokotala patsogolo pake. Dzenje silinkachenjeza. Munthu unkangozindikira uli m'malere, kenaka n'kutera ndi fupa la kumsana. Atadumphitsidwa kachitatu, a Hutala anakumbukira mawu onse amene ankachokera kumbuyo kwa basi yawo, amayi akukuwa kuti "adalaivala, mwanyamula anthu osati matumba," iwo n'kumakweza wailesi. Anagwira chitsulo chakutsogolo kwawo ndi manja onse awiri.

"Musalimbane nayo," anatero a Telala. "Mukauma thupi imakupwetekani. Ingololani izikugwedezani."

Anayesa. Zinathandizadi. Phewa lawo linkagunda phewa la akazi awo pa bampu iliyonse, ndipo a Telala sanasunthe. A Hutala anayamba kuwerengera m'mutu maulendo amene anayendapo awiriwa. Ku ukwati wa mlamu wawo iwo ankayendetsa. Popita kuchipatala kukabadwa mwana ankayendetsanso. Nthawi zonse iwo ankawaonera akazi awo pagalasi, kankhope kakang'ono pakati pa mitu ya anthu ena. Kukhala nawo mpando umodzi m'galimoto yoyenda, aka kanali koyamba.

"Tatembenukani muone kumbuyo," anatero a Telala patapita kanthawi. "Akutsogolo amaona nyama zikuthawa. Kuno timaziona zikubwerera."

A Hutala anatembenuka. Fumbi likukhazikika m'njira imene anadutsa, njiri inatuluka m'udzu, mchira uli njo, tiana take tikuitsatira pamzere, nato timichira tili m'mwamba. Nkhanga zimene zinabalalika zinabwerera n'kuyambiranso kupalasa pomwe zinasiyira. Nswala yamphongo inaima pakati pa msewu n'kumayang'ana galimoto ikupita, ikutafuna mosatekeseka. Iwo anali atayang'ana kumbuyo kwa galimoto moyo wawo wonse, koma ankangofuna kudziwa ngati kukubwera lole.

"Tiana tija tikuthamanga ngati tachedwa kusukulu," anatero.

A Telala sanaseke, koma anawapatsira magalasi oonera kutali, akadali ofunda ndi manja awo.

Anafika pamtsinje wouma, wotakata, wamchenga woyera. Chakumtunda, patali ndithu, njovu zinali zitaima pakati pa mtsinjewo zikukumba mchenga ndi miyendo, n'kumalowetsa zitamba m'maenjemo kufuna madzi. Woyendetsa anaima kuti anthu aonere mpaka akhutire, kenaka anatsetserekera mumtsinje kuti awoloke. Atafika pakati, injini inalira mosintha. Matayala anazungulira, mchenga unauluka, galimoto inagwedera, n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Anayesa kubwerera m'mbuyo, koma inangotitimira.

Mkwatibwi uja anayang'ana njovu, n'kuyang'ana mwamuna wake. Mnyamatayo, pofuna kuoneka kuti akuchitapo kanthu, anatembenukira kumbuyo.

"Adala, inu mwayendetsa mabasi zaka zonsezi. Tatsikani mutithandize. Njovu zija zikabwera kuno bwanji?"

Ngakhale dokotala wa mano, yemwe anali asanawalankhule chichokere m'mawa, anatembenuka n'kuwayang'ana mwachiyembekezo. A Hutala anawongoka pampando. Mwayi wotsuka dzina ndi umenewu, wabwera wokha. Malangizo anadzaza m'kamwa mpaka kukankha mano. Kunena zoona mabasi awo ankayenda pamisewu ya phula, ndipo za mchenga ankangozimva kwa anzawo, koma kusadziwa kunali kusanawaletsepo kulangiza munthu. Anagwira chitsulo kuti adzuke. Pambali pawo a Telala anali atapinda manja pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo, nkhope yawo ili ngati ya tsiku lija la kolala.

A Hutala anasiya chitsulo chija.

"Galimotoyi ili ndi dalaivala wake," anatero. Mawuwo anatuluka movutikira ngati chitseko cha dzimbiri. "Ine ndabwera kudzaona nyama ndi akazi anga."

Woyendetsa anawayang'ana pagalasi kamphindi. Kenaka anauza onse kuti akhale momwemo, njovu zili kutali ndipo zatanganidwa ndi madzi awo. Anatsika, n'kutenga fosholo kumbali kwa galimoto, n'kuyamba kuchotsa mchenga kutsogolo kwa matayala. Atatero anagwada n'kuyamba kuphwetsako mpweya tayala lililonse. Phokoso la mpweyawo linkawalasa a Hutala mumtima. Kuphwetsa tayala dala! Milomo inayamba kuyenda yokha. Kuti adzipulumutse anatembenuza thupi lonse, n'kupereka msana kwa chiwongolero, n'kuyang'ana pansi kuseri kwa galimoto.

Pamchenga panali mulu wa ndowe za njovu, ndipo pambali pake china chake chinkayenda.

"Mayi," ananong'ona, n'kuwakhudza chigongono. "Taonani ichi."

Chinali chikumbu chakuda, cha mtundu uja umagubuduza ndowe. Chinali chitaumba mpira woposa thupi lake, ndipo chinkaukankha ndi miyendo yakumbuyo, mutu uli pansi, chikuyenda chobwerera m'mbuyo osaona kumene chikupita. Pamwamba pa mpirawo panakakamira chikumbu china, chikuzungulira nawo limodzi, pena pamwamba, pena pansi pa mchenga, pena pamwambanso.

"Chokankhacho ndi chachimuna," anatero woyendetsa ali chigwadire patayala lakumbuyo. "Chokwera ndi chachikazi."

Mpira unafika pamphepete pa mkwasa wa tayala, n'kugubudukira m'dzenjemo. Chachimuna chinagwa chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba. Chinadzuka mwaukali, n'kuyambanso kukankha, kulunjika pamalo potsetsereka pomwepo. Mpira unakwera pang'ono, n'kubwerera, n'kuchipondereza. Chinadzukanso, n'kukankhiranso pomwepo.

A Telala anayamba ndi mapewa. Kenaka anatseka pakamwa ndi ngodya ya bulangeti, koma sizinathandize. Anaseka mpaka misozi, mpaka anavula magalasi, akuyesetsa kuti asasokose chifukwa cha njovu zija, ndipo kuyesetsako kunkangowonjezera. Sanafunike kunena kuti chikumbucho chikufanana ndi ndani. A Hutala anadziwa, ndipo anadabwa kuona kuti nawonso akuseka.

"Koma mayiyo ngwopirira," anatero, akupukuta m'maso. Kenaka kuseka kunawathera, n'kufunsa motsitsa, maso ali pamchenga, "Nanga bwanji sakutsika? Akanatha kuuluka n'kupita kwina."

A Telala anavala magalasi, n'kuyang'anitsitsa tizikumbu tija.

"Mwina akudikira aone ngati bamboyo angadzutseko mutu," anatero.

Anapitiriza kuonerera, mitu itagundana ngati ya ana ongokwatirana aja. Chikumbu chachimuna chinagwanso kawiri. Kenaka chinasiya kukankha, n'kukwera pamwamba pa mpira, pambali pa chinzake, n'kuzungulira pang'onopang'ono ngati chikuona dziko koyamba. Chitatero chinatsika, n'kukankhira mbali ina, kumene mkwasa unali wosazama, ndipo mpira unatuluka.

"Eya!" anatero a Hutala, mwa manong'onong'o.

Injini inalira. Woyendetsa anaika giya yake, imene a Hutala sanaione ndipo sanafunse, ndipo galimoto inakwawa pang'onopang'ono ngati ikuyandama, mpaka inakwera tsidya lina. Ongokwatirana aja anaomba m'manja mopanda phokoso. Ataima pamalo oyera kuti apope matayala ndi kumwa tiyi wa m'fulasiki, a Hutala anapita kwa mtsikana uja chipewa chili m'manja.

"A dalaivala," anatero, "mwagwira ntchito. Ine pamchenga paja ndikanaikwirira mpaka denga."

Mtsikanayo anamwetulira n'kuwapatsa mabisiketi awiri m'malo mwa imodzi. Dokotala wa mano naye anafewa atajambula njovu yaing'ono ikudzithira mchenga pamutu, ndipo anayenda ndi kamera yake kuonetsa aliyense, mpaka a Hutala omwe. Nyalugwe sanaonekenso madzulo amenewo, ngakhale m'mawa mwake. A Hutala anakhalabe kumbuyo, ndipo woyendetsa atakumbutsa za kusinthana anayankha kuti bondo lawo lazolowera kumeneko.

Tsiku lonyamuka, zikwama zitatulutsidwa kale, a Telala anatenga foni patebulo paja n'kulunjika kuseri kwa khitchini. A Hutala anawatsatira chapatali, akunamizira kuyang'ana matanki a madzi. Anawaona akukwera pachulu, n'kukweza foni m'mwamba, kenaka n'kuiika pakhutu. Monga mwa nthawi zonse, foniyo inalankhula ngati wailesi.

"Amayi! Zayenda bwanji? Mwaona chiyani?"

"Taona zambiri, mwanawe. Ine ndi bambo ako taona njovu, njiri, ndi kachikumbu kena kamene ndidzakuuza tikadzakumana. Tamvera. Chipinda chija ukonze, koma makina osokera asiye komwe ali. Ndidzabwera masiku ako akayandikira, ndidzakhale mpaka khanda litalimba khosi, kenaka ndizibwerera kwathu."

"Nanga ababa atsala ndi ndani nthawi yonseyo?"

"Sakutsala. Tidzabwera tonse, pabasi. Adzakhala pambali panga."

"Ababa? Pabasi yoyendetsa munthu wina?" Namwino anaseka mpaka foni inalira. "Amayi, dalaivalayo mumupepeseretu."

A Hutala anatsamira thanki ya madzi. Anali okondwa moti sanadziwe poika manja. Akazi awo atatsika pachulu anawapeza akupukuta m'maso ndi chipewa, akunena kuti kuno kuli fumbi loipa.

"Mwamva zonse, si choncho?" anatero a Telala.

"Foni yanuyo ndi yaphokoso, mayi. Imafunika..." Anadziletsa. "Ndi foni yabwino."

Anayenda limodzi kulowera kumene kunali zikwama. Pafupi ndi galimoto a Hutala anachepetsa mayendedwe.

"Koma nyalugwe uja ndinakulandani," anatero. "Zimenezo sizingabwererenso."

"Mchira ndinauona," anayankha a Telala, akuwakonza kolala ya shati imene inapindika. "Mbali yotsalayo mudzabwera nane tidzaione limodzi."